Mwendo wa Apongozi

Ndinafika ku Phalombe m'zaka zija ana anasefukira m'sukulu atamva kuti fizi yatha, boma n'kumatola aliyense wodziwa kugwira choko. Ine ndinali mmodzi mwa otoledwawo. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo maganizo anga anali oti ndikhale kuno pang'ono chabe kenaka ndipemphe kubwerera kufupi ndi makolo. Koma kutchalitchi kwathu kwa Chiwalo kunali mtsikana wina wa kwaya. Pempho lija ndinaliiwala, ndipo posakhalitsa ndinapezeka ndamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya amayi ake, ndili mkamwini.

Apongozi anga anali mayi wamasiye, wamfupi, wouma thupi ngati nsungwi, wosayankhulayankhula. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo Chichewa chawo chinkakwera kumapeto ngati akufunsa, ngakhale pamene akulamula. Ine ndi iwo tinkalemekezana monga mwambo umanenera, mwinanso kupyola pamenepo. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira uku n'kunyonyomala, ine uko n'kunyonyomala, aliyense akuyang'ana tchire lake, moni n'kumadutsa m'mwamba. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga ine ndili pomwepo. Mkaziyo akachokapo ankauza khoma. Nkhope yawo ndinali ndisanaionepo bwinobwino. Ndinkawazindikira ndi mpango wakumutu ndi kayendedwe.

Nthawi imeneyo inali ya mawekishopu. Matipate atabwera kunabweranso mabungwe osawerengeka, lililonse ndi maphunziro ake. Ahedi ananditumiza ku wekishopu ina ya chithandizo choyamba kwa anthu ovulala, poti ndine ndinkayang'anira mpira wa anyamata. Tinakhala kuboma masiku owerengeka, tikudya bwino, tikumangana mabandeji oyera mbee pamikono yabwinobwino. Ndinabwerako ndi satifiketi, ndipo kuyambira pamenepo munthu sankayetsemula pamudzi ine osafotokoza chimene chikuchitika m'thupi mwake. Tsiku lina mkazi wanga anapsa chala ndi phala la moto. Ndinamufotokozera mitundu yonse ya kupsa, mpaka iye anatopa, n'kukaviika yekha chalacho m'madzi ine ndikadali pakati pa phunziro.

Apongozi anali ndi munda wa mpunga kuchigwa, kumadambo a mbali ya ku Chilwa, mtunda wotopetsa ndithu. Chaka chimenecho mpunga unacha mkazi wanga ali wotopa, pathupi pa mwana wathu woyamba patafika poti sangayende ulendo wautali. Alamu anga, amene ankatuta matumba zaka zonse, anali atapita kumaliro kutsidya kwa malire. Panatsala ine ndi njinga yanga.

"Mupite mukawanyamulire," anatero mkazi wanga. "Koma zenga lomwetera mpunga musaligwire."

Linali Loweruka. Apongozi ananyamuka m'mamawa, ine ndinadikira kuti azimiririke kaye ndipo ndinatsatira. Kupalasa njinga kumbuyo kwa munthu woyenda pansi osamupitirira ndi ntchito yaikulu. Ndinkangotsikatsika kunamizira kuona tcheni. Ndinali nditavala shati yoyera ya manja aatali, buluku la kusukulu ndi nsapato zopukuta, poti mphunzitsi ndi mphunzitsi ngakhale kudambo.

Kudamboko kunali zii. Chisankho chinali pafupi, ndipo tsiku limenelo kunali msonkhano wa chipani ku Jenala, mbiri itamveka yoti kugawidwa zitenje. Anthu onse anathamangira kumeneko, minda n'kuisiyira mbalame. Apongozi sankapita ku zoterezi. Anali ndi chipani chawo mumtima, chimene sankachitchula.

Iwo anapuntha mpunga umene anamweta dzulo lake, n'kupeta, n'kumathira m'matumba. Ine ndinkaimika thumba n'kuchokapo, akadzaza ndinkabwera kudzasoka kukamwa iwo atasuntha. Dzuwa litapendeka tinali ndi thumba lalikulu, limene ndinalimanga pakaliyala ndi malegeni, ndi lina locheperako limene anasenza okha. Tinauyamba wobwerera monga tinabwerera, iwo patsogolo atagwira ndodo yawo yopunthira, ine kumbuyo ndikukankha njinga.

Dothi la kumeneko ndi makande. Nthawi ya mvula ng'ombe zimasiya mapazi akuya, ndipo dzuwa likawomba mapaziwo amauma gwa ngati timiphika. Njira inkatsikira mungalande ina imene pansi pake panali pakadali matope. Ndinangoona thumba lapendekeka, kenaka mpango wazimirira. Phokoso lake silinali lalikulu. Linali ngati munthu wathyola phesi louma la chimanga. Sanalire.

Ndinagoneka njinga, ndinayandikira pang'ono, n'kunyonyomala moyang'anana ndi chulu chimene chinali pambali pa njira.

"Kaya amayi apweteka?" ndinafunsa chulucho.

"Ayi. Abambo azipita. Ndikupuma."

Ndinadikira. Ndinamva akuyesa kudzuka, kenaka mpweya ukutuluka pakati pa mano, kenaka thupi likubwereranso pansi. Atatero anayamba kuyankhula Chilomwe, motsitsa mawu koma mofulumira, osapumira. Ine Chilomwe ndinkadziwa cha moni basi. Ndinaganiza kuti akupemphera. Ndinavula chipewa, ndinaweramitsa mutu, ndipo atasiya ndinati, "Amen."

Ndinakwera pachulu paja n'kuyamba kuitana anthu mbali zonse. Anadzambatuka akakowa okha. Kutali mphepo inkabweretsa mawu odukaduka a chimkuzamawu cha kumsonkhano, munthu akulonjeza zinthu. Nditatsika ndinapeza apongozi adzikwakwaza okha kutuluka mungalande, akhala pamtunda atatambalala, matope mpaka m'mawondo. Ndinaona zimenezi ndi ngodya ya diso, n'kubwereranso kuchulu changa.

"Ndithamange kumudzi ndikaitane azimayi," ndinatero.

"Kumudzi kuli ndani? Onse ali ku zitenje. Kuli mwana wanga yekha, ndipo mmene alili muja asamve zimenezi ali yekha." Kenaka anayankhula ndi thumba lawo limene linali litagwera pambali. "Kodi abambo si aja anapita kusukulu ya mabala?"

Mawu onse amene ndinakhala ndikuwamwaza pamudzi anandibwerera nthawi imodzi. Ndinalakalaka ahedi akanatumiza wina.

Poyamba ndinayesa kuthandiza ndili patali. Ndinazula bango m'mbali mwa ngalande, ndinawakankhira ndi pampu ya njinga, n'kumauza chulu mmene munthu amaikira timitengo uku ndi uku kwa mwendo. Bangolo linali lofewa, linkangophwanyika m'manja. Iwonso akati awerame kuti afikire kuphazi, ululu unkawabweza. Tinataya nthawi yambiri choncho, dzuwa likutsika. Mapeto ake ndinamva nsalu ikukutumulidwa. Anali atamasula chitenje chapamwamba n'kudzifunditsa kumutu mpaka m'mapewa.

"Ine pano palibe," anatero m'kati mwa nsalumo. "Abambo agwire ntchito yawo."

Ndinayenda chogwada mpaka kumapazi kwawo. Ngakhale anali atafunda, maso anga anakana. Ndinatembenuzira khosi kuphiri la Michesi, limene linkaoneka bwino lomwe madzulo amenewo, ndipo ndinatsimikiza kugwira ntchito yonse ndikuyang'ana kumeneko.

"Ndi mwendo uti?"

"Wakumanja."

Ndinatambasula dzanja langa lamanja n'kugwira mwendo umene unali kumanja kwanga.

Zimene anatiphunzitsa zinayamba kubwera, ndipo ndinadabwa kuti ndikuzikumbukira. Chiwalo chothyoka sachigwedeza. Amaika chinthu cholimba mbali zonse ziwiri, chofewa pakati, n'kumanga kumtunda ndi kumunsi kwa pothyokapo. Kudambo kulibe mitengo, choncho zolimba zimene ndinali nazo zinali pampu ndi ndodo yopunthira mpunga. Chofewa chinali udzu wouma. Zomangira zinali malegeni, ndipo nditawamasula pakaliyala thumba lalikulu lija linagubudukira m'njira. Ndinagwira ntchito mopapasa, ndikufotokozera phiri chilichonse chimene ndikuchita.

"Tsopano tikuika udzu kuti khungu lisanyuke. Tsopano tikumanga, koma osathinitsa."

Wodwala wanga sanabuule ngakhale pang'ono. Mwendo sunali wotupa, sunali wotentha, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndili ndi manja ofewa mwachibadwa, kuti mwina uphunzitsi ndinangosocherera. Nditamanga mfundo yomaliza ndinapempha kuti amayi agwedeze zala. Ndinazimva zikugwedezeka m'dzanja langa zonse bwinobwino.

"Zikuoneka kuti si zoopsa kwenikweni," ndinatero, ndi mawu amene ndinkamvera madokotala.

M'nsalu muja munatuluka mawu.

"Abambo akamaliza umenewo aonekonso winawu. Ndi umene wathyoka."

Apo ndi pamene ndinachotsa maso kuphiri. Mwendo winawo unali utatupa pamwamba pa kakolo, khungu lili nyezinyezi pansi pa matope, phazi litagonera kunja mmene phazi la munthu siligonera. Unali pomwepo nthawi yonseyi, kufupi ndi bondo langa. Munthu mukayang'anana naye, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwanu. Chimenechi ndinkaphunzitsa ana a Sitandade 2.

"Nanga bwanji amayi sananene?"

"Ndimati mwina kusukuluko amayamba ndi wabwino."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena zoona kapena ankandiseka. Mawu awo sanasinthe.

Ndinamasula zonse mofulumira. Potupa paja udzu ukanabaya, pankafunika nsalu. Chitenje chinali kumutu kwawo, ndipo kuvula shati pamaso pa apongozi, ngakhale ofunda, sindikanatha. Ndinaganiza zodula manja a shatiyo ndili chivalire. Ndinasolola zenga limene linali litasomekedwa pathumba lawo. Dzanja loyamba linaduka bwino. Lachiwiri ndinkadula ndi dzanja lamanzere, zenga linaterereka, n'kudutsa patsinde pa chala changa chachikulu.

Kuwekishopu kunalibe magazi. Anatiuza za magazi, anatijambulira pabolodi njira zimene amayenda, koma enieniwo sanabwere nawo. Ndinaona anga akutsika pamkono, akudontha pashati yoyera, ndipo dambo lonse linayamba kuzungulira pang'onopang'ono, Michesi n'kupita kumene kunali Chilwa. Ndinapezeka ndakhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo, m'makutu mukulira.

"Kwachitika chiyani?"

"Palibe, amayi. Ndikuganiza."

Pansi pa chitenje panatuluka dzanja. Linapapasa m'mwamba, linapeza mkono wanga, linatsika mpaka pamene panali ponyowa. Ndinamva nsalu ikung'ambidwa ndi mano. Anandimanga chalacho ndi kansalu kochokera kumpango wawo, mwamphamvu, osaona, uku akuyankhulanso Chilomwe chija motsitsa. Atamaliza ndinatinso "Amen," koma mwakachetechete.

Chizungulire chitatha ndinagwira mwendo weniweniwo. Apa sindinafotokozere phiri chilichonse. Ndinkangonena kuti, "Ndikugwira tsopano," iwo n'kukoka mpweya. Ndinakulunga manja a shati aja potupapo, ndinaika pampu mbali ya kunja, ndodo mbali ya m'kati. Kuti legeni lidutse pansi ndinayenera kunyamula mwendo pang'ono, ndipo m'manja mwanga ndinamva kanthu kakukhudzana m'katimo kamene sikayenera kukhudzana. Dzanja lawo linandigwira paphewa, zikhadabo zinalowa. Sanakuwe. Ine thukuta linkagwera m'maso, ndipo mumtima ndinkapemphera pemphero lenileni. Nditamanga ndinakhudza zala zawo n'kupeza zayamba kuzizira. Legeni ndi mphira, limathina lokha. Chimenecho chokha ndinachikumbukira pa nthawi yake. Ndinamasula n'kumanganso mofewerapo mpaka zalazo zinafunda.

"Tsopano ndiwakweze amayi panjinga."

"Nanga mpunga?"

"Mpunga tidzatenga mawa."

"Mawa udzakhala uli m'mimba mwa anthu."

Ndinayesa kunena kuti fupa silidikira, koma anandiyankha kuti fupalo ndi lawo. Choncho ndinakokera matumba onse awiri m'bango, ndi dzanja limodzi, ndinazula udzu n'kuphimba, iwo akundiuza kuchokera m'nsalu kuti ndifafanizenso mkukuluzi umene thumba lasiya pansi. Anali asanaone kanthu, koma ankadziwa kuti ndausiya.

Kuwakweza kunalibe njira ina koma kuwanyamula. Ndinapepesa kaye, ndinalowetsa mkono pansi pa mawondo, wina kumsana, n'kudzuka ndi mphamvu zonse monga munthu wonyamula thumba. Ndinatsala pang'ono kugwa chagada. Anali opepuka ngati mwana wa sukulu. Munthu amene ndinkamuopa chifikire pamudzi uja, amene ankalima yekha munda wa chimanga ndi wa mpunga womwe, ndinamunyamula osamva kulemera. Chinthu chimenechi chinandikhudza kuposa mwendo uja, ndipo sindinadziwe poika maso.

Ndinawakhazika pakaliyala, mwendo wothyokawo ndinaugoneka m'mbali mwa chishalo mpaka pachitsulo chapakati. Pankafunika chomangira kuti usagwe, koma malegeni onse anali atathera kumwendo. Ndinavula lamba.

Buluku limenelo ndinagula pakaunjika, ndipo mwini wake woyamba anali munthu wodya bwino. Tisanapite patali linayamba kutsika. Ndinkakankha njinga ndi dzanja limodzi, lovulala lija litagwira buluku m'chiuno, shati yopanda manja ili magazi okhaokha, nsapato zitalemera ndi makande. Njinga inkapita uku ndi uku. Tayala likagwera m'phazi la ng'ombe, kumbuyo kunkamveka mpweya uja wa pakati pa mano. Pamalo ena tinapendekeka kwambiri moti ndinachita kutchinga ndi ntchafu.

Ndinamva nsalu ikuchotsedwa.

"Ndione kumene tikugwera," anatero. Kenaka, koyamba chikwatire mwana wawo, anayankhula ndi ine mwini, osati khoma kapena thumba. "Inu, gwirani handulo ndi manja awiri. Bulukulo lisiyeni. Ndinalera ana aamuna ine."

Ndinagwira handulo ndi manja awiri. Bulukulo ndinkalitchinga ndi kayendedwe, miyendo ili tang'a ngati munthu wotuluka kujando, ndipo pena ndinkaima n'kulikweza. Tinayenda choncho mpaka tinatulukira pamsewu wafumbi, dzuwa litafiira.

Sitinadikire nthawi yaitali. Kunatulukira lole yochokera kumsonkhano, itadzaza azimayi ovala zitenje zatsopano zofanana, akuimba ndi mawu osasa. Sindinachite kuiimika. Inaima yokha, ndipo kutsogolo kunatsika bambo wina wovala kapu ya chipani. Anandiyang'ana kuyambira kumagazi mpaka kubuluku, anayang'ana apongozi ndi pampu yawo kumwendo, nkhope yake n'kuwala.

"Akumenyani ndi a chipani chiti?"

"Ayi bambo, agwera mungalande."

"Musaope, nenani. Ife nkhani imeneyi tipita nayo patali."

"Ndi ngalande basi. Ine ndadzicheka ndekha."

Anakhumudwa moonekeratu, koma anali munthu wabwino. Anauza dalaivala kuti akhotere kuchipatala cha mishoni. Azimayi anatsika, anandikankhira pambali, ananyamula apongozi mwaluso n'kuwagoneka pamiyendo yawo. Njinga anaiponya pamwamba, ine ndinakhala pakona nditakumbatira mawondo. Mayi wina anawafunditsa apongozi chitenje chake chatsopano chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Iwo anathokoza mwaulemu, ndipo lole itanyamuka ndinawaona akuchitembenuza pang'onopang'ono kuti nkhopeyo iyang'ane m'kati.

Kuchipatala tinafika chisisira. Dokotala amene tinamupeza anamasula malegeni mosamala, anaika pampu yanga pambali, n'kunena kuti fupa lathyokadi, mawa aunika kuti aone bwino.

"Wamanga ndani?"

"Ndine," ndinatero, ndili pakhomo, dzanja lili m'chiuno.

"Mwathandiza. Likanagwedezeka njira yonseyi likanaboola khungu."

Ndinamva msana wanga ukuwongoka. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule za satifiketi. Koma dokotalayo anali atagwira kale mwendo winawo, umene unali ndi mizere ya malegeni ndi tiudzu tomatirira m'matope.

"Nanga uku kwatani?"

"Kumeneko ankayeserera," anatero apongozi.

Namwino amene anali pambali anatuluka panja atagwira pakamwa. Atabwerako ndiye anandisoka chala, ndipo ataona mmene nkhope yanga ikusinthira poona singano, anandiuza kuti ndigone pabenchi ndiyang'ane kudenga.

Uthenga unapita kumudzi ndi azimayi a mulole aja, amene anaufikitsa mwanzeru kudzera kwa azakhali a mkazi wanga. M'mawa mwake anabwera onse awiri pangolo. Ine ndinali panja pa wodi, pawindo, pamene apongozi ankafotokoza nkhani yonse m'Chilomwe. Sindinamve mawu, koma ndinkadziwa pamene afika chifukwa cha kuseka kwa odwala a m'mabedi ena. Mayi wina wa bandeji pamimba anachita kupempha kuti aime kaye, ulusi ungaduke.

Mkazi wanga atatuluka anakhala pafupi nane, anagwira chala changa chomangidwa n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinanena za zenga," anatero.

"Unanena."

"Komabe mwachita bwino. Akuti simunawasiye."

Ndinamuuza kuti amayi ake ndi munthu wa chikhulupiriro, kuti pa ululu wonse uja anapemphera kawiri. Anandiyang'ana, akudziletsa kuseka.

"Koyamba sankapemphera. Ankatukwana ng'ombe imene inaponda pamenepo, mwini wake wa ng'ombeyo, ndi amene anabereka mwini wakeyo."

"Nanga kachiwiri?"

"Kachiwiri ankafunsa Mulungu kuti mwa amuna onse a ku Dowa, anasankha bwanji kutitumizira inuyo. Ndiye pamenepo Amen wanu anagwera m'malo mwake."

Mpunga tinakautenga ndi alamu atabwerako kumaliro. Unali pomwepo, mbewa zokha zinali zitaboola pangodya. Pampu ndinaiiwala kuchipatala ndipo sindinapite kukaifunsa.

Apongozi anatuluka ndi pulasitala wofika m'bondo. Popeza sakanatha kudziphikira, masana ankakhala pakhonde pathu, ndipo ine ndinkalowa m'nyumba mwanga kudzera kukhomo lakuseri. Mwana anabadwa iwo akadali choncho, wamkazi. Ankamugoneka pantchafu n'kumagogoda pulasitalayo ndi zala, kuti go go go, mpaka mwanayo agone. Atachira anayambanso kupita kudambo, akutsimphina pang'ono kukazizira. Ndinkaganiza kuti pambuyo pa zonse zija tiziyankhulana ngati anthu wamba, koma tsiku loyamba kukumana panjira anapatuka n'kunyonyomala monga kale, inenso chimodzimodzi. Moni atatha sanadzuke msanga.

"Chala chija?" anafunsa tchire.

"Chinapola. Kaya mwendo uja?"

"Uti?"

Ndinamva akuseka pansipansi, ndipo anadzuka n'kumapita.

Mbiri inafalikira mbali ziwiri. Ena anamva kuti aphunzitsi anamanga mwendo wolakwika, ena anamva kuti adokotala anawayamikira, ndipo ambiri anamva zonse ziwiri n'kuona kuti palibe chotsutsana. Kusukulu anyamata a mpira akagwa ankadzuka msanga ndisanafike. Koma tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina woyandikana nafe atanyamula mbuzi imene inathyoka mwendo wakumbuyo itakodwa mumpanda. Anati wamva kuti ndimadziwa za mafupa. Ndinakana, iye anaumirira, ndipo ndinapita kukafuna timitengo ta nsungwi. Pobwera ndinapeza apongozi, amene ankasenda nandolo pakhonde pawo, akumuuza kanthu m'Chilomwe. Bamboyo anang'amba kachingwe ka mlaza n'kumangirira pamwendo wothyokawo, kenaka anandipatsa mbuziyo ndi manja awiri, nkhope ili phee.

Ndinaimanga ndikuyang'ana. Inachira, ngakhale inkayenda mokokera. Pa Khirisimasi mwini wake anaipha, ndipo anatuma mkazi wake kudzatipatsa mwendo wathunthu wokulunga m'masamba a nthochi. Mkazi wanga anauphika ndi mpunga wa kudambo kuja, mbale ina n'kupititsa kwa amayi ake. Sindinafunse kuti unali mwendo uti.